Kanema wa Aroma pasukulu pathu: zipangizo zabwino, pakamwa poterera

Aphunzitsi anzanga a ku Domwe ndi ku Tsangano akhala akundiimbira foni kufunsa za mnyamata uja amayenda ndi pulojekita panjinga yamoto, n'kumaonetsa makanema a maphunziro m'masukulu a muno mu Angónia. Ife tinamuitana mwezi wa Juni, nthawi imene ndinkaphunzitsa za Aroma. Ndatopa n'kubwereza nkhani imodzimodzi kwa aliyense, ndiye ndati ndingolemba.

Tiyambe ndi ndalama, poti n'zimene nonse mumayamba kufunsa. Anatilipiritsa meticais 1,500 pa masana amodzi, petulo wa jenereta kugula tokha. Ana a makalasi awiri anasonkha meticais 10 aliyense, yoperewera ndinapisa m'thumba mwanga. Iye amabwera ndi pulojekita, laputopu, sipika imodzi yaikulu, maikolofoni, kajenereta, ndi nsalu yoyera imene ndikukhulupirira kuti usiku imakhala pabedi pake. Makanemawo ndi a Chingerezi ndi Chipwitikizi. Amatsitsa mawu n'kumafotokoza yekha m'Chichewa, monga amachitira anyamata otanthauzira mafilimu a karate m'mavidiyo a pamsika.

Tinapangana 1 koloko, anafika itadutsa 2, fumbi mpaka m'nsidze, akuti tayala linaphwa atangotuluka mu Ulongwe. Pamenepo sindimuimba mlandu, msewu wathu mumaudziwa. Chimene sanatiuziretu n'chakuti chipinda chiyenera kukhala chamdima. Atayatsa, pansalu panangoti mbuu. Atsikana anapereka zitenje zimene anafunda chifukwa cha chisanu, tinatseka nazo mawindo onse, apo m'pamene mzinda unaonekera. Chithunzi chake n'chabwino ndithu, wakumbuyo ankaona bwinobwino. Koma chingwe ali nacho n'chachifupi, moti jenereta inakhala pansi pa windo penipeni, ikulimbana ndi sipika. Mukamuitana, bwerekeranitu chingwe chachitali.

Pafoni ndinamuuza kuti mutu wanga ndi moyo wa tsiku ndi tsiku mumzinda wa Roma, nthawi ya mafumu aja otchedwa Kaisara: anthu ankagona pati, ankadya chiyani, madzi ankatunga kuti. Iye anayamba ndi Colosseum, bwalo lalikulu loonerera ndewu mumzindawo.

"Aphunzitsi, ana amafuna ndewu. Tikayamba ndi za madzi agona onsewa."

Ndinamusiya. Mphindi 40 zinathera pa malupanga ndi mikango, ndipo kumeneko ndiye kwawo kwa mnyamatayu: amakuwa, amabuula ngati wabayidwayo ndi iye. Ananena molondola kuti bwalolo linatsegulidwa m'chaka cha 80 chibadwireni Yesu, nthawi ya mfumu Titus, ndipo munkalowa anthu pafupifupi 50,000. Koma anauzanso ana kuti aliyense wogonja ankaphedwa pomwepo. Si zoona. Womenya nkhondo m'bwalo ankamudyetsa ndi kumuphunzitsa nthawi yaitali, anali chuma cha mwini wake, ndipo ogonja ambiri ankatuluka amoyo. Ndani angaphe ng'ombe ya pangolo chifukwa yagwa tsiku limodzi? Komanso chimene chinkasonkhanitsa khamu lenileni ndi mpikisano wa ngolo za akavalo ku Circus Maximus, komwe kunkalowa anthu pafupifupi 150,000, ochemerera matimu anayi: obiriwira, abuluu, ofiira ndi oyera. Wa zimenezo kanema alibe.

Wachiwiri ndi wojambula pakompyuta, woonetsa misewu ya Roma mmene inkaonekera mzindawo uli ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Kamera ikulowa m'kanjira kothinana, uku ndi uku nyumba zosanjikizana kasanu kapena kasanu n'kamodzi, pansi pake timashopu. Palibe mwana anagona. Mnyamata uja analoza ndi maikolofoni, "Mwaona pamwamba paja? M'pogona mabwana, ngati mahotela a ku Maputo." Apa ndinaimirira n'kupempha kuti ndiyankhuleko, chifukwa nkhani anaiika chadodolido. M'nyumba zimenezi, zomwe ankazitcha insula, wandalama ankachita lendi chipinda chapafupi ndi pansi. Ukamakwera m'mwamba mtengo unkatsika. Wa pamwamba penipeni analibe madzi, analibe chimbudzi, ankakwera masitepe atasenza mtsuko, ndipo moto ukabuka pansi ankamva womaliza. Eni nyumba ankangosanjikiza zipinda kuti lendi ichuluke, nyumba n'kumagwa, mpaka Augustus, yemwe uja ana amamumva kutchalitchi pa nkhani ya kalembera wa nthawi ya kubadwa kwa Yesu, anaika lamulo loti nyumba isapitirire mamita pafupifupi 20. M'chaka cha 6 anakhazikitsanso magulu 7 a anthu oyendera mzinda usiku ndi zidebe, ozimitsa moto. Izi sizinaletse moto wa chaka cha 64, nthawi ya Nero, umene pa zigawo 14 za mzindawo unasiya 4 zokha zosakhudzidwa. Ngakhale tulo tinali tovuta, chifukwa ngolo zonyamula katundu sizinkaloledwa kuyenda mumzinda masana, ndiye zonse zinkagogoda pamiyala usiku.

Ana athu ambiri amachokera kutali, amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, anayi m'chipinda chimodzi, mbaula pakona. Sindinachite kuwafotokozera kuti kandulo ndi mbaula pamalo othinana zimabala chiyani. Wina anafunsa kuti nanga wolephera kulipira ankamutani. Ndinati ankamutulutsa, nthawi zina atamugwirira katundu. Kalasi yonse inatembenukira mnyamata mmodzi, iye n'kubisa nkhope m'juzi.

Koma chimene akukambabe mpaka lero chili m'kanema wachitatu, wa madzi ndi zaukhondo: chimbudzi cha ku Ostia, doko limene linkalandira katundu wa Roma pamathiriro a mtsinje wa Tiber. Benchi ya mwala yotsata khoma, mabowo ondondozana pafupifupi 20, popanda chotchinga chilichonse pakati pa munthu ndi mnzake. Pansi pake pankayenda madzi okokolola zonse. Phokoso limene linabuka linaposa jenereta. Mtsikana wina wofatsa, amene chaka chonse sanakwezepo dzanja, anafunsa mokweza:

"Nanga apongozi akalowa?"

Apa ndiyenera kumuyamikira mnyamata wa kanema. Anaimitsa chithunzi n'kuyamba kuyankhula mawu a madoda awiri okhala moyandikana pabenchipo, wina akukumbutsa mnzake ngongole, winayo akuti dikirani kaye akulu, ndimalize izi. Ine ndemwe ndinapukuta misozi. Luso ali nalo, ndipo sanapite kutali ndi zoona, poti pamalo amenewo anthu ankachezerapodi. Ndinangowonjezera kuti mkodzo ankausonkhanitsa kuti ochapa nsalu azichapira zovala, ndipo mfumu Vespasian anauikira msonkho. Ana sanandikhulupirire, ankayesa kuti nanenso ndayamba zoseleula.

Tili m'kati mwa zimenezi jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Petulo watha. Iye anali atatiuza kuti malita awiri akwana, osawerengera nthawi imene inalira pachabe tikutseka mawindo. Tinatuma mwana panjinga kukagula wa m'botolo pamsewu. Poopa kuchotsa zitenje zija, ndinaunika bolodi ndi tochi ya foni n'kulemba aqua pambali pa água, panis pambali pa pão, Augustus pambali pa Agosto. Ana amene Chipwitikizi chimawatuluka thukuta tsiku ndi tsiku anadabwa kuona kuti akhala akuyankhula mdzukulu wa Chilatini osadziwa. Inu gulani malita atatu.

Gawo la madzi ndi limene lili labwino kuposa onse, ngakhale iye analithamangitsa poona dzuwa. Roma anafika pokhala ndi ngalande 11 zobweretsa madzi kuchokera kutali, yoyamba inamangidwa m'chaka cha 312 Yesu asanabadwe. Ina, Aqua Marcia, inali yotalika makilomita pafupifupi 90, ulendo wa masiku atatu wapansi. Panalibe pampu kapena injini. Madzi ankangotsetsereka pang'onopang'ono kuchokera kumtunda, nzeru yomweyo ya mlimi wa ku Tsangano akapatutsa kamtsinje kuti katsikire m'dimba la kachewere. Kanema amakonda kuonetsa milatho yaitali ija, koma mbali yaikulu ya ngalandezo inkadutsa pansi pa nthaka. Ndipo madziwo sankalowa m'nyumba ya aliyense. Munthu wamba ankatunga pamsewu, pamalo pomwe madzi ankangotuluka usana ndi usiku. Mkulu wina, Frontinus, atapatsidwa udindo woyang'anira madzi m'chaka cha 97, anapeza kuti anthu ankaboola mapaipi mobisa n'kukokera madzi kwawo, nthawi zina mogwirizana ndi ogwira ntchito ya madzi omwewo. Pamenepa ana sanaseke ngati za chimbudzi zija. Anangoyang'anana, ngati akuti anthu ake tikuwadziwa.

Womaliza ndi wa Pompeii, mzinda umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79. Anaonetsa malo ogulitsira zakudya, tebulo la miyala lokhala ndi mitsuko yomangidwira m'kati mwake. Mnyamata uja anati ndi chiimilire, ine ndinavomera ndi mutu. Kenaka anapitiriza kuti mumtsuko umu munali nsima, umu tchipisi, umu tomato. Ndinamulandanso maikolofoni. Chimanga, kachewere ndi tomato zinachokera ku America, zinafika ku Ulaya chitadutsa chaka cha 1492. Mroma sanazionepo n'kamodzi komwe. Kuuza mwana wa ku Angónia kuti kunali ufumu waukulu chonchi wosadziwa kachewere, muyenera kubwereza kawiri. Iwo ankadya buledi ndi phala la tirigu, nyemba, mafuta a maolivi, vinyo wothira madzi, ndi msuzi wotchedwa garum, wa nsomba ndi matumbo ake zothira mchere n'kuzisiya padzuwa mpaka zitasungunuka. Ndinawauza kuti akumbukire fungo la nsomba za Chicoa zikanyowa ndi mvula.

Ine chinandikhudza ndi buledi. Mu uvuni wina anapezamo mikate pafupifupi 80 itapserera n'kuda bii, yozungulira, yolembedwa mizere kuti igawike zidutswa 8. Mwana wina amene mayi ake amaphika pão wogulitsa pamsika anadzuka n'kupita pafupi ndi nsalu, mthunzi wake n'kuphimba theka la chithunzi. Anzake anamukuwiza kuti akhale pansi, iye osamva. Anayang'anitsitsa uvuni wa njerwa uja ndi kakhomo kake, n'kunena chapansipansi kuti wafanana ndi wa kwawo. Kenaka anatembenuka n'kufunsa ngati wophikayo anakwanitsa kuthawa. Masana onsewo, apa pokha m'pamene mnyamata wa kanema anasowa chonena.

Chimene chikusowa m'makanema a moyo wa mumzindawa ndi akapolo. Mumaona malo osambira akuluakulu ngati a Caracalla, otsegulidwa m'chaka cha 216, momwe anthu pafupifupi 1,600 ankasamba nthawi imodzi, koma simuona amene ankasonkha moto kunsi kuti madzi atenthe. Mumaona buledi, osaona amene ankazunguza mphero pamodzi ndi abulu. Ife a m'chigawo cha Tete, kumene mbiri ya ma prazo (minda ikuluikulu ya Apwitikizi) ndi Achikunda (akapolo awo ankhondo) ili pakhomo pomwepa, sitingaphunzitse za Roma n'kudumpha zimenezi. Sanenanso kuti tirigu wambiri wodyetsa mzindawo ankabwera pa zombo kuchokera ku Africa, ku Egypt ndi dera limene lero ndi Tunisia. Nthawi ya Augustus amuna pafupifupi 200,000 ankalandira tirigu waulere mwezi ndi mwezi, makilogalamu opitirira pang'ono 30 aliyense, koma kapolo ndi mlendo panalibe pamndandandawo. Izi ndinachita kuphunzitsa ndekha mawa lake, ndi choko.

Ndiye mumuitane kapena ayi? Muitaneni. Kwa ana amene Roma amangomuonera pa kachithunzi kamodzi kofufuma m'buku logawana asanu, meticais 10 aja sanataye. Ndi waulemu, ndikamulanda maikolofoni sankakwiya, ankangoti, "Zikomo aphunzitsi, zimenezo sindimadziwa." Vuto lake n'lakuti akafika pamene sakudziwa sakhala chete, amadzaza ndi zam'mutu, ndipo amazinena mokoma kuposa mmene inu munganenere zoona. Mupempheni kuti muonere makanemawo tsiku lisanafike, musankhe nokha woyambira, ndipo mukhale pambali pake penipeni, osati kumbuyo mukuchonga makope.

Patatha sabata ziwiri ndinapereka mayeso. Funso loti n'chifukwa chiyani osauka ankagona pamwamba pafupifupi onse analikhoza, ena mpaka kujambula masitepe ndi munthu atasenza mtsuko. Pa funso la zakudya, ana asanu ndi awiri analemba tchipisi.