Munang'ambidwapo kamodzi: kuyesa kukankha nokha kapena kubwereranso ku fiyeta?

Mayi amene anachirapo pa opaleshoni akangoima kachiwiri, aphungu amachuluka. Apongozi akuti mpeni ukalowa kamodzi ndiye basi, ana onse adzatulukira pomwepo. Mnzanu wa kumvano akuti iye wachiwiri anakankha yekha popanda vuto. Maganizo a apongoziwo si a kumudzi kokha ayi. Dokotala wina wa ku New York, Edwin Cragin, ananena zomwezo mu 1916, ndipo pa nthawiyo zinali zomveka chifukwa ankacheka chiberekero choimika, kumtunda kumene kumakungika kwambiri matenda akayamba. Kuchokera m'ma 1920, madokotala monga Munro Kerr wa ku Glasgow anafalitsa kachekedwe kopingasa kumunsi kwa chiberekero, komwe chipsera chake chimalimba. Ndi chifukwa chake lero mayi wachipsera chimodzi ali ndi njira ziwiri zoti akambirane ndi achipatala.

Tiyambe ndi kuyesa njira yachibadwa. Bungwe la madokotala a amayi la ku Britain, RCOG, mu malangizo ake a 2015 linati mwa amayi 100 achipsera chimodzi amene ayesa, 72 mpaka 75 amachira okha. Kwa amene anaberekapo mwachibadwa, kaya opaleshoni isanachitike kapena itachitika kale, chiwerengero chimafika 85 mpaka 90. Zikatheka, phindu lake mumaliona msanga: mawa lake mwatuluka, mukuyenda, mukunyamula mwana popanda kugwira pamimba. Kwa mayi amene madzi ndi a pamjigo, nkhuni zikumudikira ndipo wamkuluyo akadali wofuna kuberekedwa kumsana, masabata 6 osanyamula cholemera si nkhani yaing'ono. Chiberekero nachonso chimatsala ndi chipsera chimodzi chomwecho, zomwe zimathandiza pa mimba zam'tsogolo.

Choopsa chake chachikulu ndi kung'ambika kwa chiberekero pa chipsera chija. Chimagwera pafupifupi mayi mmodzi mwa 200 oyesa, pomwe pa opaleshoni yokonzekera sichifika ngakhale awiri mwa 10,000. Mmodzi mwa 200 ndi wochepa, koma akakhala inuyo, nkhani imakhala ya mphindi: magazi amatayikira m'mimba, mwana amasowa mpweya, ndipo nthawi zina pofuna kupulumutsa mayi amachotsa chiberekero chonse. Palinso kung'ambika kwa kumusi pokankha, monga zimakhalira ndi wina aliyense. Komanso musaiwale kuti mmodzi mwa anayi alionse amathera ku fiyeta komweko, atatopa kale, ndipo opaleshoni yadzidzidzi matenda atapita patali ndi imene imabweretsa mavuto ambiri kuposa zonse: kutaya magazi, bala kuchita mafinya, chikhodzodzo kuvulala.

Ndiye tikazisanja, chabwino koposa ndi kuyesa n'kuchira nokha, chapakati ndi opaleshoni yokonzekera, choipa ndi kuyesa n'kulephera mochedwa. Funso lenileni n'lakuti mwayi wanu wogwera koyambako ndi waukulu bwanji, nanga zikavuta fiyeta ili patali bwanji.

Opaleshoni yokonzekera ili ndi mtendere wake umene sindiupeputsa. Tsiku mumalidziwa, gadiyani amakonzeka, akuchipatala amayeza magazi anu ndi kusungiratu ena, ndipo amagwira ntchito masana asanatope. Amaichita mimba ikakwana masabata 39, chifukwa mwana wotulutsidwa nthawiyi isanafike amavutika kupuma kawirikawiri. Ngakhale pa nthawi yake, ana obadwa pa opaleshoni matenda asanayambe amabanikako kuposa anzawo: pafupifupi 4 kapena 5 mwa 100, poyerekeza ndi 2 kapena 3, ngakhale ambiri amakhala bwino pakangopita masiku ochepa. Apa mpamene sikani ya miyezi yoyambirira imathandiza, chifukwa ambirife tsiku lomaliza kusamba timangoliyerekeza.

Koma mpeni ndi mpeni. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya Lancet Global Health mu 2019, wochitika m'maiko 22 a mu Africa, anapeza kuti amayi opitirira pang'ono 5 mwa 1,000 ochitidwa opaleshoni yoberekera amamwalira, kuchulukitsa pafupifupi ka 50 poyerekeza ndi maiko olemera. Ambiri mwa maopaleshoniwo anali adzidzidzi, ndiye musawerenge nambalayi ngati ya opaleshoni yokonzekera. Chimene ikutiuza n'chakuti kuno kwathu, komwe magazi amatha kusowa ndipo wogonetsa anthu amakhala mmodzi pa chipatala chonse, opaleshoni si njira yachidule yothawira ululu.

Mbali imene ambiri sauzidwa bwino ndi ya mimba zam'tsogolo, ndipo kwa ine ndi imene iyenera kulemera kwambiri pa chisankhochi. Opaleshoni iliyonse imasiya zipsera m'kati, ziwalo zimamatirirana, ndipo yotsatira imakhala yovuta ndi yotenga nthawi. Choopsa koposa ndi nsengwa. Ikhoza kukhala kumunsi n'kutseka khomo la chiberekero, kapena kumera molowa mkati mwa chipsera mwakuti mwana akabadwa imakana kuchoka, magazi n'kumangotuluka. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa 2006 anapeza kuti kukanirira kwa nsengwaku kumachitika kwa amayi pafupifupi 3 mwa 1,000 pa opaleshoni yachiwiri, 6 mwa 1,000 pa yachitatu, ndipo pa yachinayi kumalumpha kupitirira 20 mwa 1,000. Kwa amene nsengwa yatsekanso khomo, pa opaleshoni yachitatu ndi 40 mwa 100. Choncho mayi wa zaka 22 amene iye ndi bambo akufuna ana anayi kapena asanu akuyenera kuganiza mosiyana ndi mayi wa zaka 38 amene akuti uyu ndi chitsirizira. Woyambayo ali ndi chifukwa chachikulu choyesera, popeza akangong'ambidwa kachiwiri, m'zipatala zathu nthawi zambiri salolanso kuyesa. Wachiwiriyo angasankhe opaleshoni, mwinanso n'kupempha kuti amutsekeretu nthawi yomweyo, bola atagwirizana nazo yekha matenda asanayambe, osati kusainitsidwa ali pabedi.

Tsono ndani amene kuyesa kumamuyenera? Choyamba, fufuzani chifukwa chimene anakung'ambirani. Ngati mwana anatsogoza matako, anagona chopingasa, anali mapasa, kapena mtima wake unafooka, zimenezo zinali za mimba ija, sizimabwereza nthawi zonse. Ngati anati njira inachepa kapena matenda anaima khomo litatseguka kale, mwayi umatsikako, makamaka mwana wa panopa akakhala wamkulu. Kunenepa kwambiri, shuga, msinkhu wopitirira zaka 40 ndi mimba yopitirira masiku zimatsitsanso mwayiwo. Chachiwiri ndi kachekedwe. Chipsera cha pakhungu chisakunamizeni: ambiri ali ndi mzere woimika kuchokera pamchombo koma chiberekero chinachekedwa chopingasa. Yankho lili m'buku lanu la kuchipatala, n'chifukwa chake buku lakale lija si loyatsira mbaula. Amene anachekedwa choimika m'chiberekero, amene chinawang'ambikirapo, ndi amene nsengwa yatseka khomo, palibe zokambirana, ndi opaleshoni basi. Chachitatu ndi mpata. Ana obadwa motalikirana miyezi yosakwana 18 amapeza chipsera chisanakhwime, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kudikira zaka ziwiri musanatengenso pathupi.

Chachinayi ndicho chachikulu kuno ku Malawi: malo. Manambala abwino aja ndi ochokera m'zipatala momwe makina amamvetsera mtima wa mwana osalekeza ndipo fiyeta ili khomo loyandikana. Kwathu mzamba mmodzi amatha kuyang'anira amayi angapo nthawi imodzi ndi kachipangizo komvera mtima kaja. Izi sizikutanthauza kuti kuyesa n'kosatheka. Kumachitika tsiku ndi tsiku ku Gogo Chatinkha ku Queens, ku Bwaila, ku Ethel Mutharika, ku Zomba, ku Mzuzu, m'zipatala za maboma ndi zazikulu za mishoni. Chosatheka n'kuyesera pa chipatala chaching'ono chopanda fiyeta, n'kumadalira ambulansi yochokera kuboma pa msewu wa dzinja. Mukakhala kutali, pitani kuchidikiro cha chipatala chachikulu mwezi wachisanu ndi chinayi ukamayamba. N'zotopetsa, ufa ndi ndiwo n'zanu, koma apo ndiye pagona kusiyana kwa njira ziwirizi.

Pali chizolowezi china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa njira zonse ziwiri. Mayi woopa kung'ambidwanso amabisala kunyumba matenda atayamba, n'cholinga choti akafike mutu uli pakhomo adokotala asowe chonena. Ena amawonjezera mwanamphepo kuti zifulumire. Mankhwala alionse okungitsa chiberekero mwamphamvu amakoka chipsera. Ngakhale kuchipatala, kuyambitsa matenda ndi mankhwala kumachulukitsa ngozi ya kung'ambika kawiri kapena katatu, ndipo mapiritsi a misoprostol saloledwa poyambitsa matenda kwa mayi wachipsera. Nanga kuli bwanji mwanamphepo wa mumphika amene muyezo wake palibe akuudziwa? Ndipo mawu oti wong'ambidwa ndi waulesi, kapena kuti sanalawe uchembere weniweni, ndi amene amakankhira atsikana ku zimenezi. Anakubala ndi apongozi, chonde lekani.

Mukasankha kuyesa, fikani ululu ukangoyamba kapena madzi akangosweka, ndipo uzani mzamba pakhomo pomwe kuti muli ndi chipsera. Gadiyani wanu adziwe zizindikiro zoitanira namwino mosanyengerera: ululu wosalekeza ngakhale pakati pa kukungika, kupweteka kobaya pa chipsera kapena paphewa, magazi kumusi kapena mumkodzo, chizungulire, ndi matenda amene anali amphamvu kungozima mwadzidzidzi. Achipatala akaona kuti khomo silikutseguka monga mwa nthawi yake n'kunena kuti tiyeni ku fiyeta, musalimbane nawo. Kuyesa kwa wachipsera sikuchedwetsedwa ngati kwa ena.

Mukasankha opaleshoni, funsani tsiku lenileni, ndiponso choti muchite matenda akayamba tsikulo lisanafike, poti zimachitika ndithu. Imwani mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo mokhulupirika, chifukwa wolowa m'fiyeta magazi ali ochepa ndi amene amavutika kwambiri akataya ena. Amene muli ku Johannesburg kapena ku Britain ndipo opaleshoni yoyamba munachitira kumudzi, uzani abale akujambulireni tsamba la m'buku lija pa foni, chifukwa adokotala kumeneko adzafunsa kachekedwe ka chiberekero ndi chifukwa chake asanakuloleni kuyesa.