Kamera yaikulu, yaing'ono kapena foni basi? Zimene tinaona pa ulendo wa ku Zanzibar

Kutatsala masiku atatu kuti tinyamuke, ndinatenga chikwama changa cha makamera n'kupita nacho kwa mnzanga wina wogula nandolo pa Boma pano kuti andibwereke sikelo yake yolendewera ija. Titachikoloweka, muvi unakaima pa makilogalamu 4.6. Mnzangayo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene, mukupita kokapuma kapena mwapeza ganyu ya ukwati kumeneko?" M'chikwamamo munali Canon 2000D imene ndimajambulira maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mangochi, malenzi atatu, fulashi ndi chaja, ndipo thiraipodi ndinali nditaimangirira kumbali. Pomwe tikiti yathu inkalola makilogalamu 7 okha a katundu wolowa naye m'ndege, monga amachitira makampani ambiri.

Tsiku lomwelo ndinatsitsa thiraipodi, fulashi, lenzi ya 50mm ndi ya 75-300mm. Koma mtima wa wojambula suchedwa kunyengeka: lenzi yaitali ya 75-300mm ndinaibwezeramo usiku, poganiza kuti mwina.

Tinali anthu 9, abale ndi abwenzi amene tinasonkherana kwa chaka chathunthu. Tinakakwera ndege ku Lilongwe mpaka Dar es Salaam, kenako boti la maola pafupifupi awiri kuwolokera ku Zanzibar. Mwamwayi chabe, aliyense anatenga chojambulira chake chosiyana ndi cha mnzake: ine Canon yanga ija, kamera yaikulu ya mtundu wa DSLR, alamu anga Sony a6000 ya kaunjika, kamera yaing'ono ya mtundu wa mirrorless, mphwanga amene amaperekeza alendo kokaona mbuna ku Cape Maclear anatenga GoPro, kakamera kolowa nako m'madzi, ena onse mafoni. Choncho zimene ndikuyerekezazi zinajambula malo amodzi, tsiku limodzi, dzuwa limodzi.

Ndiyambe ndi ziwiri zimene anthu amakanganirana kwambiri. Canon 2000D ndi Sony a6000 zonse ndi za 24 megapixel, ndipo sensa yake, kachipangizo ka m'kati kamene kamagwira chithunzi, ndi ya mtundu umodzi, APS-C. Chithunzi cha masana chochokera m'makamera awiriwa mutachiika pa kompyuta, simungaloze molimba mtima kuti ichi n'cha uyu. Kusiyana kuli pa phewa. Canon yokhayo, yopanda lenzi, imalemera magalamu 475. Sony pamodzi ndi kalenzi kake ka 16-50mm imakwana magalamu 460. Ndiye kuti alamu anali ndi kamera yathunthu yopepuka kuposa thupi lokha la yanga, ndipo inkalowa m'kachikwama kam'chiuno. Ine ndikawonjezera 18-55mm ndi chilenzi chachitali chija, pakhosi panali kilogalamu ndi kanthu, m'dzuwa la m'mbali mwa nyanja ya mchere limene thukuta lake siliuma. Ife a ku Mangochi timadzitama kuti kutentha timakudziwa, koma chinyontho cha kumeneko ndi nkhani ina.

Kumene Canon inawina ndi pa batire. Pa pepala la kampani, batire yake imajambula zithunzi pafupifupi 500, pamene ya a6000 ndi 360, ndipo zinaonekadi: pofika 3 koloko masana alamu ankayamba kuzimitsa kamera akangojambula kamodzi. Chifukwa chake n'chakuti mirrorless imayatsa sikirini nthawi yonse, ngakhale muyang'anire pa kadiso kaja, pomwe DSLR mumaona kudzera pa galasi basi. Komabe a6000 imatchajidwa ndi chingwe cha USB, kotero pa nkhomaliro ankangoilumikiza ku pawa banki ili m'chikwama. Yanga imafuna chaja yakeyake ndi soketi ya pakhoma. M'chipinda chimene tinkagona anthu atatu munali soketi ziwiri, ndipo mafoni atatu ankazilimbirana kale.

Koma chimene chinandigonjetsa si kulemera ayi. Ndi gulu. Munthu ukamayenda wekha, ukhoza kuima pa khomo limodzi la mitengo yosema la ku Stone Town kwa mphindi khumi, kudikira kuti wanjinga adutse pamalo oyenera. Pa gulu la anthu 9 zimenezo kulibe. Tinjira ta mumzindawo n'topapatiza ndiponso tokhotakhota, galimoto silowamo m'malo ambiri, ndipo ukangowerama kuti usinthe lenzi, podzuka anzako akhota kale pakona, sukudziwa ngati ndi kumanja kapena kumanzere. Zinandichitikira kawiri tsiku loyamba. Ulendo wachiwiri mchemwali wanga anabwerera kudzandipeza ndili chiimire, chotsekera lenzi chili kukamwa, lenzi ina ili m'khwapa. Sanakalipe. Anangoti, "Inu achimwene, tabwera kudzaona Zanzibar kapena kudzaona inuyo mukujambula?" Kuyambira pamenepo 75-300mm inagona m'chipinda.

Ndinaitulutsanso tsiku limodzi lokha, popita ku nkhalango ya Jozani kukaona anyani ofiira aja amene amapezeka ku Zanzibar kokha. Kumenekonso inandichititsa manyazi, chifukwa anyaniwo anazolowera anthu, amadya masamba pa nthambi za pamutu panu pomwe. Alamu ndi 16-50mm yawo anapeza zithunzi zabwino, a mafoninso chimodzimodzi. Ine ndinapeza nkhope ziwiri zapafupi zokongola zedi, sindikana, koma zithunzi ziwiri si malipiro a kusenza pafupifupi theka la kilogalamu sabata yonse. Apa ndisanamize munthu: ulendo wanu ukakhala wokaona nyama zakutchire, kaya ku Kruger, ku South Luangwa kapena ku Serengeti, nkhani itembenuka. Aliyense amene anayesapo kujambula njovu ya kutsidya la Shire ku Liwonde ndi foni akudziwa kuti imatuluka ngati chulu. Ulendo wotero lenzi yaitali ndiye mwini wake, koma ikhale imodzi pa gulu lonse.

Tsopano mafoni. Ndinkawanyoza, ndivomere. Ambiri pa gulu lathu anali ndi Tecno, Infinix ndi Samsung za mtengo wapakati, mmodzi yekha ndiye anali ndi iPhone. Masana pa mchenga woyera wa ku Nungwi onsewo anachita bwino, ndipo pa sikirini ya foni, pomwe zithunzi zambiri zimathera, palibe akanasiyanitsa. Usiku ku Forodhani, kumene amaotcha nsomba ndi nyama m'mbali mwa nyanja, ndi kumene ndinatsegula maso. Lenzi zobwera ndi kamera, yanga ndi ya alamu yomwe, zimatseguka pang'ono polowetsa kuwala, f/3.5 mpaka f/5.6 basi, kotero mumdima zimafuna fulashi kapena thiraipodi, zomwe ndinazisiya ku Mangochi. Foni ikakhala pa night mode imajambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuzisakaniza kukhala chimodzi chowala. Zotsatira zake, zithunzi zabwino za usiku umenewo zinachokera pa iPhone ndi pa Samsung imodzi, pamene zanga zinali zogwedezeka ngati ndajambulira m'bwato nthawi ya mwera.

Pamene foni imagwa ndi pa zumu. Mukatambasula ndi zala pa foni yopanda lenzi yapadera yokokera zakutali, simukuyandikitsa kanthu, mukungodula chithunzi n'kuchikulitsa, n'chifukwa chake maboti a matanga a patali ankatuluka ophwanyikaphwanyika. Vuto lina ndi lakuti foni yomweyo ndiye mapu anu, tikiti yanu ndi WhatsApp ya kunyumba. Ikazima chifukwa cha mavidiyo, mwataya zonse nthawi imodzi. Enanso malo a mufoni anawathera tsiku lachitatu, n'kumafufuta zithunzi za ana awo ali pa boti.

Pali malo amodzi pomwe kamera yaikulu inandilemera mwa mtundu wina. Pa tchalitchi cha Anglican cha ku Mkunazini ndi pamene panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873, ndipo ena mwa anthu ogulitsidwa pamenepo ankachokera m'madera a kuno kunyanja kwathu. Mishoni imene inamanga tchalitchicho, UMCA, ndi yomweyo inadzakhazikika ku Likoma, ku Malindi ndi kwa Mponda. Amakutsitsirani m'tizipinda tapansi, totsika denga, tamdima. Kamera yanga ikajambula imalira "khwatya", ndipo m'kachipindamo phokosolo linamveka ngati mwano. Ndinajambula kamodzi n'kuisiya. Chimodzimodzinso m'misewu: ukaloza munthu chikamera chachikulu, makamaka amayi, nkhope imasintha. Ife ochokera ku Mangochi izi si zachilendo, timadziwa kuti munthu umayamba wamupatsa moni n'kupempha. Koma ngakhale utapempha, kakamera kakang'ono kapena foni anthu amakalandira mosavuta.

GoPro ya mphwanga ndi imene inapindulira gulu lonse kuposa kulemera kwake. HERO12 imalemera magalamu 154 ndipo imalowa m'madzi mpaka mamita 10 popanda chikuto china. Tsiku lokasambira inkangoyenda m'manja, aliyense n'kujambulidwa ali pakati pa nsomba, ndipo poti lenzi yake ndi yotambalala kwambiri, pa kandodo kake tonse 9 tinkakwanamo. Dzuwa likangolowa ntchito yake yatha, zithunzi zimachita mchenga. Nkhope za m'mphepete imazikokanso ngati mphira, kotero si kamera yoti ikhale yokhayo.

Pano mvetserani, anzanga a kunyanja, chifukwa apa ndi pomwe chizolowezi chathu chimatipweteka. Madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere. Tinazolowera kuti kamera ikathovokeredwa madzi ku Thumbi timangopukuta ndi malaya n'kupitiriza. Madzi a Indian Ocean akauma amasiya mchere umene umadya zitsulo ndi kulimbitsa mabatani. Mphwanga anaiwala kutsuka GoPro tsiku loyamba, m'mawa kachitseko ka batire kanali gwa, mchere uli mbuu m'mphepete. Anachita kuiviika m'madzi a pampopi kwa kanthawi kuti katseguke. Foni yolembedwa IP68, chizindikiro choti imapirira madzi, musaikhulupirirenso m'nyanja imeneyo, chifukwa mayeso ake amachitira m'madzi opanda mchere. Ndipo pa boti, DSLR ndi mirrorless zotchipazi zizikhala m'chikwama, zilibe chotchinga madzi. China chaching'ono: mukatuluka m'chipinda chozizira ndi makina kulowa panja potentha, lenzi imachita nthunzi. Musapukute mwamphamvu, ipatseni mphindi zingapo iume yokha.

Pali makamera ena ang'onoang'ono olowa m'thumba la malaya, monga Sony RX100 VII ya magalamu 302 yokhala ndi zumu ya 24-200mm. Pa ulendo wa gulu ndi yabwino kuposa zonse ndatchulazi, koma mtengo wake umaposa tikiti ya ndege, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu sindingauze munthu kuti aigulire ulendo wa sabata imodzi. Diloni, kandege kojambulira m'mwamba kaja, iiwaleni. Ku Tanzania imafuna chilolezo cha boma, m'mapaki a SANParks ku South Africa ndi yoletsedwa, ndipo palibe gulu limene lingakondwe kukudikirani pa bwalo la ndege mukufotokozera akuluakulu za kandege kanu.

Za mabatire, lamulo la ndege ndi lakuti mabatire apadera a lithium ndi pawa banki mumalowa nazo m'ndege, siziikidwa m'sutikesi yopita pansi. Zosaposa 100Wh sizifuna chilolezo, ndipo pawa banki ya 20,000mAh ili pa 74Wh, ndiye ilibe vuto. Ku Tanzania mapulagi athu a mano atatu afulati ankalowa bwinobwino m'malo amene tinagona, koma ku South Africa soketi zambiri ndi za mano atatu ozungulira, mufunika adaputa. Ekisitenshoni imodzi ya mabowo anayi ikanatithetsera mikangano yambiri kuposa lenzi iliyonse.

Ndiye mukandifunsa, gulu ligawane zida m'malo moti aliyense asenze zake: mafoni onse, kamera imodzi yeniyeni ya lenzi imodzi, ndi GoPro imodzi ngati kuli madzi. Amene alibe kamera asagule, ndalamayo agulire pawa banki ndi kukonza malo mufoni. Amene ali ndi mirrorless atenge batire yachiwiri. Amene ali ndi DSLR ya Canon ngati ine asathamangire kusintha. Pali kalenzi kafulati ka EF-S 24mm f/2.8 kolemera magalamu 125, kamene kamafikitsa kamera yonse pa magalamu 600, kamaona bwinoko mumdima, ndipo poti kalibe zumu palibe chosinthasintha. Memori khadi zikhale ziwiri zapakati osati imodzi yaikulu, ndipo madzulo aliwonse pa Wi-Fi ya pamalo ogona zithunzi zizipita mu alubamu imodzi ya Google Photos. Za pa gulu la WhatsApp zimafika zofinyidwa pokhapokha mutatumiza ngati document, ndipo mukadzafuna kutsukitsa chachikulu chopachika pabalaza mudzalira.

Titabwerako ndinakhala pansi kusankha zithunzi zoti titsukitse. M'khadi yanga munali zoposa 1,000, ndipo aliyense wa pa gulu akuonekamo kambirimbiri. Ine ndinadzipeza pa zinayi zokha, zonse za pa Tecno ya mchemwali wanga, ndipo pa zitatu nkhope yanga yabisika kuseri kwa Canon. Chachinayicho ndili pa boti pobwerera, ndagona, chikwama cha makamera ndachikumbatira pamimba. N'chimene amayi anasankha kuti chipachikidwe.