Kuyeza tulo mu ICU: mawaya, kawotchi kapena kungomufunsa wodwala?

Anamwino anzanga sakundipatsa mpata ndi funso ili: wodwala amene wachitidwa opaleshoni ya mtima tingadziwe bwanji kuti wagona bwino mu ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya? Ndiyankhiretu pano.

Polysomnography ndiye yolondola kuposa zonse, palibe amatsutsa. Imayeza mafunde a ubongo, kayendedwe ka maso ndi minofu. Koma munthu ali kale ndi bala pachifuwa, mapaipi otulutsa magazi ndi madiripi, ndiye mumumangenso mawaya kumutu? Pafunikanso katswiri wowerenga zotsatira zake. Imeneyi tiwasiyire ofufuza.

Chakukhosi changa chili pa actigraphy, kachipangizo konga wotchi kovala pamkono. Amene anakakamira kuti tikagule ndine ndemwe. Iko kamangoyeza kugwedezeka kwa mkono: mkono ukakhala phee, kamati munthu ali mtulo. Tsono amene angomudula fupa la pachifuwa amakhala phee mwadala. Kutembenuka kukupweteka, kutsokomola kukupweteka, amangogona chagada maso ali kudenga.

M'mawa wina kanaonetsa kuti bambo ena agona usiku wonse. Ine mosangalala ndinati, "Lero ndiye mwagonatu, bambo." Anandiyang'ana, kenaka n'kuyamba kundiwerengera: nthawi imene alamu ya bedi loyandikana inalira, nthawi imene tinadzawatenga magazi, ngakhale zomwe tinkanong'onezana posinthana ntchito. Ndinasowa poika nkhope.

Nafenso anamwino tisadzitame, diso lathu lili ndi matenda omwewo. Munthu akangotsinzina timalemba kuti wagona.

Imene ndaikonda ndi Richards-Campbell Sleep Questionnaire. Ndi pepala chabe la mafunso 5: tulo tinali takuya bwanji, tinachedwa kubwera kapena ayi, anadzidzimuka pafupipafupi bwanji, tinabwereranso msanga kapena ayi, ndiponso usiku wonsewo auona bwanji. Pa funso lililonse wodwala amachonga pamzere wa mamilimita 100, ndipo nambala ikakwera ndiye kuti tulo tinali tabwino. Mphindi zochepa mwamaliza.

Ili ndi pofooka pake. Imafunsa za usiku wokha, pamene odwala a mu ICU amagonanso kwambiri masana. Komanso kusokonezeka mutu kumachitika kawirikawiri pambuyo pa opaleshoni ya mtima, makamaka kwa achikulire, ndipo wotereyo kapena amene mankhwala ogonetsa sanamuthere, mayankho ake simungawadalire. N'chifukwa chake ndimayamba ndamuyeza ndi CAM-ICU, njira yoonera ngati wodwala wasokonezeka mutu, pepala pambuyo.

Kawotchi kaja kali m'dirowa. Batire lake linatha liti, sindinafunse.