Batire la asidi kapena la lithiyamu: apa ndi pamene ndalama ya sola imathera

Anzanga akamandifunsa za sola amayambira pa mapanelo. Mapanelo alibe vuto. Ambiri amabwera ndi chitsimikizo cha zaka 25, ndipo bola muziwapukuta fumbi. Chimene chimadya ndalama ndi batire.

Batire la asidi, kaya lothira madzi kaya la jelo, limakopa chifukwa ndi lotchipa. Wogulitsa amakuwonetsani pamene palembedwa 12V 200Ah, ndiye kuti mayunitsi 2.4. Chimene sakuuzani n'chakuti batire limeneli silifuna kukamidwa kupitirira theka. Anu enieni ndi mayunitsi 1.2 basi. Mukamalikama mpaka pansi usiku uliwonse, kenako kubwere masiku a mitambo osadzaza bwino, mapuleti a mkati amagwira zokhakhala ndipo mphamvu sibwereranso. Anga anayamba bwino, koma posakhalitsa invata (kachipangizo kosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba) inayamba kulira pakati pa usiku, furiji n'kuzima. Nditabwerera kwa wogulitsa anandiyankha kuti chitsimikizo sichikhudza batire lokamidwa mopitirira. Mawu amenewo sanawatchule tsiku lolandira ndalama, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Banja limene linkafuna kuchepetsa bilu limapezeka likugulanso mabatire, ndalama yonse imene linapulumutsa n'kupita.

La lithiyamu, makamaka la mtundu wotchedwa LiFePO4, pogula limapweteka m'thumba, sindikana. Koma mumagwiritsa ntchito 80 kapena 90 peresenti ya mphamvu yake, limatchajidwa ndi kutsitsidwa maulendo masauzande pamene la asidi limathera m'mahandiredi, ndipo lili ndi kachipangizo kolizimitsa lisanawonongeke. Kuthira madzi kulibe.

Njira yachitatu ndi yopanda batire, invata yolumikiza ku magetsi a kampani. Pochepetsa bilu ya masana palibe yoiposa, koma magetsi akazima nayonso imazima ngakhale dzuwa likuswa mtengo, pofuna kuteteza okonza mawaya.

Giza yamagetsi yotenthetsera madzi musaiyike pa batire lililonse. Imakoka mawati 2,000 mpaka 3,000. Ikani chotenthetsera madzi cha dzuwa padenga, bilu itsika nthawi yomweyo.

Ine ndili kwa lithiyamu ndipo sindibwerera. Ngati ndalama sinakwane, yambani ndi mapanelo ndi invata ya hybrid (yolandira magetsi a sola, a kampani ndi a batire) yotha kuyenda popanda batire, lithiyamu mudzawonjezere mukapeza. Ndipo wogulitsa akulembereni papepala zimene chitsimikizo chake chimakana.