Kanyumba ka alendo ku Orlando West ndi ulendo wapansi m'njira ya ana a 1976

Ngati muli nokha, m'thumba muli mopepuka, koma mukufuna kukaona pamene ana asukulu anawomberedwa ku Soweto pa 16 June 1976, musakagone m'tauni ya Johannesburg n'kumadikira galimoto ya alendo kuti idzakuzungulitseni. Kagoneni ku Orlando West komweko, m'timanyumba ta alendo ta anthu wamba, ndipo mukayende wapansi. Ndikulemba za kanyumba kamodzi kotere kamene ndinafikirako, komanso za ntchito yawo yoperekeza alendo, chifukwa aphunzitsi anzanga kuno ku Luchenza akhala akundifunsa ngati ndalama zomwe ndinasunga kubanki m'khonde zinapita pabwino. Zinapita pabwino ndithu, ngakhale zilipo zina zomwe sizinandikomere, ndipo ndizitchula. Dzina la malowo ndalisiya dala, poti ndi pakhomo pa munthu.

Za msewu sindichulutsa, kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje mudzi uti ulibe mwana ku Joni? Minibasi mpaka ku Limbe, basi yaikulu pa Wenela, kenako Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, n'kukatsikira pa Park Station. Pasipoti ya Malawi amaidinda masiku osapitirira 30 popanda viza. Kamba wanga anali chinangwa chophika ndi mtedza wokazinga, moti panjira ndinkangogula madzi. Chimene chinadabwitsa anthu m'basimo n'chakuti mzimayi akupita ku Joni osati kukasaka ganyu kapena kukaoda katundu, koma kukaona chipilala. Bambo wina wa ku Chitakale amene tinayandikana mipando anandifunsa kuti, "Mayi, ndalama zonsezi mukathere pamanda a eni ake?" Ndinawauza kuti chaka ndi chaka pa 16 June timaimbitsa ana nyimbo za Tsiku la Mwana wa mu Africa, lomwe bungwe la OAU linakhazikitsa mu 1991 pokumbukira ana a ku Soweto omwewa, ndipo ine ndimaima kutsogolo kwa kalasi kufotokoza za malo amene sindinawapondepo.

Malo ogonawo ndinapangana nawo pa WhatsApp. Chinthu choyamba chimene ndiwayamikire n'chakuti mayi mwini nyumba, atamva kuti ndikubwera ndekha, anatuma mnyamata wawo wantchito kudzandichingamira pa Park Station popanda kundilipiritsa, ine n'kungomulipirira thiransipoti. Mnyamatayo anapezeka kuti ndi wa ku Limbuli. Atangoti, "Amayi, mwayenda bwanji? Foni ibiseni kaye, tikaitulutsa kutsogolo," mtima unakhala m'malo. Munthu amene watsika basi atatopa, katundu ali kumutu, pamalo podzaza anthu ngati paja, chithandizo chimenechi si chaching'ono. Anandiphunzitsanso kakweredwe ka minibasi zakumeneko, zomwe iwo amati taxi: kondakitala mulibe, ndalama mumapatsirana kuchokera kumbuyo mpaka zikafike kwa wokhala pambali pa dalaivala, ndipo poimitsa mumasonyeza ndi zala kumene mukupita.

Nyumbayo ndi ya njerwa, yaing'ono, ndipo kuseri anamangako zipinda zina. Ndinatenga bedi m'chipinda cha amayi chogona anthu angapo, chomwe ndi chotchipa kuposa zonse. Zofunda zinali zochapa bwino, aliyense ali ndi kabati yake yokiya, bafa ndi chimbudzi zosamalidwa. Kumene ndalama yanga inapulumukira ndi kukhitchini. Amalola mlendo kuphika yekha, mapoto ndi mbale zilipo, ufa woyera umapezeka pa kagolosale kalikonse, ndiye nsima yanga ndinkaphika ndekha ndi kabichi kapena mazira. Masana ndinkagula kota, buledi wobowola pakati n'kuthiramo tchipisi ndi soseji, amene mmodzi amakufikitsa madzulo. Malesitanti a mumsewu wa Vilakazi ndi a alendo obwera ndi ndege, munthu wa kwacha angowaona ndi maso.

Zodandaula nazi. Ndinapita mu June dala, ndipo kuzizira kwa kumeneko kumaposa chiperoni cha kwathu kuno chikafika pachimake. Bulangete anandipatsa limodzi lopyapyala, lachiwiri ndinachita kupempha, ndipo madzi otentha osamba ankatha msanga kukacha. Chakudya cham'mawa chomwe anati chili pamtengo wa bedi chinali buledi ndi tiyi wotuwa, woti munthu wokulira pakati pa minda ya tiyi sangamuyamikire. Loweruka usiku nyimbo za m'malo omwera mowa zinkamveka mpaka pakati pa usiku. Koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi mtengo wa woperekeza. Pa WhatsApp zinamveka ngati ulendo wapansi uli m'kati mwa ndalama ya malo ogona, nditafika anandiuza kuti ndi wapadera, ndipo munthu akakhala yekha amalipira yokwererapo pokhapokha adikire kuti papezeke anzake. Kwa woyenda yekha wowerengera khobidi lililonse, zotere zimafunika kunenedwa poyera munthu asanakwere basi. Ndinadikira mpaka panapezeka alendo ena awiri, tinagawana mtengowo.

Ulendo wapansiwo ndiwo unandipangitsa kuti ndiwakhululukire zonsezi. Woperekeza anali bambo wachikulire amene mu 1976 anali pasukulu ku Soweto konko. Sanatiyambitsire pachipilala ayi. Tinakwera taxi mpaka ku Morris Isaacson High School ku Jabavu, sukulu ya Tsietsi Mashinini, mnyamata amene anatsogolera zionetserozo, ndipo kuchokera pamenepo tinayamba kuyenda kulowera ku Orlando West monga anayendera anawo. Ndi mtunda ndithu, valani nsapato zafulati. Tikuyenda choncho anatifotokozera gwero lake. Mu 1974 boma la tsankho linalamula kuti m'sukulu za anthu akuda maphunziro ena, kuphatikizapo masamu, aziphunzitsidwa m'Chiafrikaans, ena m'Chingerezi. Aphunzitsi ambiri chilankhulocho sankachidziwa bwino, ana ndiye kaya, ndiponso chinali chilankhulo cha wapolisi amene ankamanga makolo awo chifukwa cha mapasi. Ine ndimaphunzitsa masamu m'Chingerezi kwa ana amene kunyumba amalankhula Chichewa ndi Chilomwe, ndipo nkhope ya mwana amene samu akuitha koma funso sakulimva ndimaidziwa. Sindikuyerekeza zathuzi ndi nkhanza za boma lija, koma pamene bamboyo ankafotokoza za ana anzeru amene anayamba kulephera mayeso mwadzidzidzi, sindinafunikire womasulira.

Ophunzira anapangana pa 13 June kuti adzaguba mwamtendere kupita ku Orlando Stadium. Sanakafike. Tinaima pamphambano ya misewu ya Moema ndi Vilakazi, pafupi ndi sukulu ina ya ku Orlando West, pamene apolisi anawatsekera njira. Anaponya utsi wokhetsa misozi, anamasula galu, ana anapha galuyo, kenako mfuti zinalira. Pamalopo lero pamadutsa magalimoto ndi ana ovala yunifolomu, ndipo ukaona kuchepa kwa msewuwo, kuyandikana kwa nyumba ndi mpanda wa sukulu, umamvetsa kuti panalibe kothawira. Zimenezi pawindo la galimoto simungazione. Bamboyo anatsindika dzina la Hastings Ndlovu, wazaka 15, amene ambiri amati ndiye anayamba kuwomberedwa koma sanajambulidwe. Anatchulanso Dr Melville Edelstein, mzungu wogwira ntchito yothandiza anthu ku Soweto, amene anaphedwa ndi gulu lokwiya tsiku lomwelo. Ndinamulemekeza chifukwa sanabise mbali imeneyi.

Chipilala cha Hector Pieterson, mmodzi mwa ana amene anawomberedwa tsikulo, chili pamsewu wa Khumalo, kamtunda pang'ono kuchokera pamphambanoyo, ndipo kuima panja n'kwaulere. Pali mwala wofiirira wokhala ndi dzina lake, madzi oyenda pamiyala, ndi chithunzi chija chimene Sam Nzima anajambulira nyuzipepala ya The World: Mbuyisa Makhubo, wazaka 18, atanyamula Hector wazaka 12, mlongo wake Antoinette akuthamanga pambali dzanja lili m'mwamba. Mtolankhani Sophie Tema anawatengera pagalimoto kuchipatala cha Phefeni, koma mwanayo sanapulumuke. Chithunzicho ndinachiona kambirimbiri m'mabuku, koma za Mbuyisa ndinazimvera pamenepo: apolisi anamusautsa mpaka anathawa m'dzikomo, kalata yake yomaliza inachokera ku Nigeria mu 1978, ndipo kwawo sanabwererenso. Mwana wa eni ake anangotola mwana mnzake pamsewu, moyo wake n'kuthera pomwepo.

Nyumba yosungiramo mbiriyi, yomwe ili pambali pa chipilalacho, inatsegulidwa pa 16 June 2002. Ndi ya njerwa zofiira ngati nyumba zoizungulira, ndalama yolowera ndi yochepa, ndipo m'kati salola kujambula. Mumayenda chokwera pang'onopang'ono pakati pa zithunzi, makanema ndi maumboni a amene analipo, ndipo mawindo ake anawaika moti ukasuzumira ukuona malo enieni amene ukuwerenga. Woperekeza wathu apa anachita chanzeru, anatisiya tokha n'kukatidikira panja. Pakati pa nyumbayo pali bwalo lopanda denga, pansi pali timiyala, ndipo pamenepo anamwaza miyala yosema, uliwonse uli ndi dzina la munthu amene anafa. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi 176, koma komiti ya Cillié imene boma lomwelo linakhazikitsa inawerenga anthu 575 ofa m'dziko lonse pofika February 1977, popeza moto wa ku Soweto unafalikira m'matauni ena. Ndinawerenga mayinawo limodzi limodzi monga ndimaitanira rejisitala m'mawa, mpaka miyendo inachita dzanzi.

Ndili pabwalopo maganizo anabwerera kwathu. Mu 1953, chaka chomwe ku South Africa anakhazikitsa lamulo la maphunziro a anthu akuda lotchedwa Bantu Education, kuno ku Thyolo anthu anaukira m'mwezi wa August chifukwa cha thangata, kulandidwa kwa malo ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Pa zipolowe zimenezo anafa anthu 11. Agogo anga aakazi ankasimba za misewu yotsekedwa ndi mitengo ndi za amuna ogona kutchire. Ku PIM ku Chiradzulu chikumbutso cha John Chilembwe chilipo, ku Nkhata Bay chilipo cha amene anawomberedwa pa 3 March 1959. Koma ine ndakulira pakati pa maesiteti awa, ndayenda ku Bvumbwe, ku Thyolo boma, ku Luchenza, ndipo sindinakumanepo ndi mwala wolembedwa mayina a anthu 11 amenewo, woti ndingapite nawo ana a Sitandade 6 kukawawerengera. Zimandipweteka, ndipo ndayamba kufunsa mafumu ndi akuluakulu a m'midzi yozungulira sukulu yathu, odziwa mayinawo asanathe.

Nyumba ya Nelson Mandela, nambala 8115 mumsewu wa Vilakazi, ndinangoionera kunja chifukwa cha mzere ndi thumba, chimodzimodzinso ya Desmond Tutu yomwe ili mumsewu womwewo. Kumene ndikukulimbikitsani kuti musaphonye ndi ku tchalitchi cha Katolika cha Regina Mundi ku Rockville, komwe ana ankathawira apolisi n'kuwatsatira mpaka m'kati. Zibowo za zipolopolo zikuonekabe, ngodya ya guwa ndi yosweka mpaka lero. Kumeneku sikunali pamndandanda wa woperekeza, koma mnyamata wa ku Limbuli uja anandikweza taxi yoyenera n'kuuza dalaivala ponditsitsa.

Amene mukufuna kukafikira pamalo ngati amenewa, pemphani kuti akulembereni mtengo wa bedi payokha ndi wa woperekeza payokha, ndipo funsani kuti woyenda yekha amalipira zingati. Mukapita mu June kapena July nyamulani bulangete lanulanu, juzi yokhuthala ndi paketi ya tiyi wakwathu. Ulendo wapansi muupemphe wam'mawa, tsiku la pakati pa sabata, alendo a mabasi akuluakulu asanadzaze pachipilala. Ma rand mukhale nawo ang'onoang'ono a taxi, pasipoti isachoke pathupi, ndipo tikiti yobwererera mudule tsiku lomwe mwafika, chifukwa mabasi a ku Blantyre amadzaza ndi a geni kumapeto kwa mwezi.