Ndemanga pa Online Etymology Dictionary: kulondola mneni woti decide

Online Etymology Dictionary ndi mtanthauziramawu wa pa intaneti umene Douglas Harper wa ku Pennsylvania, m'dziko la America, anayambitsa m'chaka cha 2001. Ntchito yake ndi kulondola kumene mawu a Chingerezi anachokera ndiponso m'mene tanthauzo lawo lakhala likusinthira, ndipo munthu salipira kanthu kuti auwerenge.

Ndinauyesa ndi mneni woti decide, amene ana asukulu amamumasulira kuti kusankha kapena kutsimikiza mtima. Yankho linali lalifupi koma lokhutiritsa. Mneniyu analowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 kudzera m'Chifalansa chakale, ndipo gwero lake ndi liwu la Chilatini loti decidere, lomwe linapangidwa polumikiza de, kutanthauza kuchotsa, ndi caedere, kutanthauza kudula. Poyamba Angerezi ankamugwiritsa ntchito ponena za kuthetsa mkangano, ndipo tanthauzo la munthu kutsimikiza yekha mumtima mwake linabwera pambuyo pake. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira liwu lathu loti kugamula, pakuti timati khoma lagamuka likagumuka mbali ina, komanso timati mfumu yagamula mlandu ikapereka chigamulo pabwalo. Palibe ubale pakati pa Chichewa ndi Chilatini, koma zilankhulo zonse ziwiri zinaona kuweruza ngati kudula chinthu kuti chithere pomwepo.

Chimene ndinakonda kwambiri n'chakuti liwu lililonse limakutsogolera kwa abale ake. Kuchokera pa caedere ndinafika pa concise (mwachidule), precise (ndendende) ndi homicide (kupha munthu), ndipo mphunzitsi amene angaonetse ophunzira kuti onsewa ali ndi kudula kapena kupha mkati mwawo angawapeputsire ntchito yoloweza.

Owerenga ayenera kudziwa kuti mafotokozedwe ake ndi othinana ndipo amagwiritsa ntchito zidule. Mwachitsanzo, 14c. ikuimira zaka za m'ma 1300, pamene PIE ikuimira Proto-Indo-European, chilankhulo chamakedzana chomwe sichinalembedwepo, chimene akatswiri amachingoyerekeza pofananiza Chilatini, Chigiriki ndi Sanskrit (chilankhulo chakale cha ku India), n'chifukwa chake mawu ake amaikidwa kanyenyezi kumayambiriro. Kwa aphunzitsi a Chingerezi ndi ophunzira a ku yunivesite ndi chida choyenera, koma mwana wa Fomu 1 adzafunika womufotokozera zidulezo asanayambe kuwerenga payekha.