Passat B5.5 Variant: injini yogula ndi iti, yoisiya ndi iti

Volkswagen Passat Variant yopangidwa kuyambira kumapeto kwa 2000 mpaka 2005, imene amakaniko amaitchula kuti B5.5, ndi station wagon imene anthu akuigulabe ngakhale yakalamba. Kumbuyo kuli malo a katundu okwana malita 495 mipando isanapindidwe, malata ake anawakuta ndi zinki moti dzimbiri siliwagwira msanga, ndipo pamsewu imakhazikika bwino. Vuto lili pansi pa boneti. Galimoto imeneyi inatuluka ndi mitundu ya injini yoposa 10, ndipo mutha kupeza ziwiri za chaka chimodzi, utoto umodzi, ina n'kukutumikirani zaka zambiri, inayo n'kumakudyerani ndalama mwezi ndi mwezi.

Musanamvere zonena za wogulitsa, pezani kodi ya injini. Ndi zilembo zitatu, monga AVF, AWT kapena AKN. Zimalembedwa pa sitika ya mu bukhu la sevisi, pa sitika ina ya mu buti pafupi ndi tayala la sipeya, ndipo nthawi zambiri pa chivundikiro cha timing belt, lamba amene amayendetsa ma valve mogwirizana ndi mapisitoni. Zilembo za pa chitseko cha kumbuyo musazikhulupirire, chifukwa aliyense angathe kuzimata. Kodi ija ndi imene ikuuzeni matenda amene injiniyo imabadwa nawo.

Dziwaninso kuti mu Passat imeneyi injini inaikidwa motalika, kuloza kutsogolo, monga mu Audi A4 ya nthawi yomweyo. Kuti makaniko afike pa timing belt amachotsa bampala ndi kukokera kutsogolo chimango chonse chonyamula radiyeta ndi magetsi. Ntchito yake ndi yaitali, n'chifukwa chake eni galimoto ambiri amaizengereza. Injini zonse za lamba m'galimotoyi, lambayo akaduka ma valve amagundana ndi mapisitoni. Ngati palibe pepala losonyeza tsiku ndi makilomita amene lamba anasinthidwa, muwerengereni kuti sanasinthidwe.

Ife tikafunsidwa injini imodzi yokha, timatchula ya dizilo ya 1.9 TDI, ya mphamvu ya 130 PS (PS ndi muyeso wa mphamvu ya injini). Ilipo mitundu iwiri. AWX imabwera ndi magiya asanu ndipo imakoka ndi 285 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yokokera), pamene AVF imabwera ndi magiya sikisi kapena otomatiki ndipo imakoka ndi 310 Nm. Paliponso ya 100 PS, kodi yake AVB, imene mkati mwake ndi ya banja lomwelo koma imamveka yolemedwa galimoto ikadzaza anthu ndi katundu. Pa ulendo wautali ya 130 PS imamwa malita pafupifupi 6 pa makilomita 100, ndiye thanki ya malita 62 imakufikitsani kutali ndithu. Buloko yake ndi yachitsulo cholimba, ma valve ndi asanu ndi atatu okha, ndipo ilibe fyuluta ya mwaye ya mu ekizosi imene imavutitsa pa madizilo atsopano. Imachita phokoso m'mawa ikangolizidwa, imanjenjemera pang'ono pa chiwongolero, koma zimenezo ndi chibadwa chake, si matenda.

Matenda ake enieni ali pa camshaft, ndodo ya mano ya pamwamba pa injini. Injini iyi ndi ya mtundu wa PD: silinda iliyonse ili ndi injector yokhala ndi kapampu kakekake, ndipo amene amakankha kapampuko ndi camshaft yomwe imatsegulanso ma valve. Dizilo amapopedwa ndi mphamvu yoposa 2,000 bar. Kuti zonsezi zikwane pa ndodo imodzi, mano okankha ma valve anawapanga opyapyala, ndiye katundu amene dzino lililonse limasenza ndi wamkulu. Oyilo wamba sakwanitsa kuteteza malo amenewo. Pamafunika oyilo wolembedwa VW 505.01 pa botolo. Injini imene yakhala ikuthiridwa oyilo wina aliyense, mano aja amadyeka, timakapu tokhala pamwamba pa ma valve timabooka, ndipo mumayamba kumva kaphokoso ka phu-phu-phu kochokera ku bokosi la fyuluta ya mpweya injini ikungolira yosapondedwa. Kutsimikiza kwake n'kophweka: makaniko avundukule chivundikiro cha pamwamba pa injini, ayang'ane mano amodziamodzi. Dzino labwino limakhala losalala ndipo m'mphepete mwake muli kakupendeka kamene anakasema ku fakitale. Lodyeka limakhala lakuthwa m'mphepete, lokandikakandika, nthawi zina lamtundu wofiirira. Wogulitsa akakana kuti muvundukule, nanunso kanani kugula.

Zina zotsala pa injiniyi n'zokonzeka. Mawaya opita ku ma injector amadutsa mkati mwa mutu wa injini, m'kati mwa oyilo wotentha, ndipo akakalamba injini imadumphadumpha. Amasintha mtolo wonse wa mawayawo. Turbo yake ili ndi timapiko tosuntha timene timamatidwa ndi mwaye galimoto ikamayenda timaulendo tatifupi tokhatokha. Chizindikiro chake n'chakuti mukamakwera phiri mutaponda kwambiri, mphamvu imatha mwadzidzidzi, ndipo mukazimitsa n'kulizanso imabwerera. Sensa yoyeza mpweya ikatopa galimoto imangokhala yaulesi popanda getsi lililonse kuyaka pa dashibodi. Flywheel yake, chigudumu cholemera cha pakati pa injini ndi kilachi, ndi ya zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i. Ikatha mumamva kugogoda pozimitsa injini ndi kunjenjemera pa pedulo ya kilachi, ndipo amaisinthira limodzi ndi kilachiyo. Ngati makaniko wanu ali ndi kompyuta ya VCDS yowerengera galimoto za Volkswagen, atsegule gawo 013 injini itatentha. Pamenepo pamaoneka mmene kompyuta ya galimoto ikuwonjezera kapena kuchotsera dizilo pa silinda iliyonse kuti injini ilire mofanana. Manambala oyandikira 0 ndi abwino. Malire ake ndi 2.8 mg uku ndi uku, ndipo silinda imene yayandikira pamenepo ili ndi vuto la injector kapena la compression.

Lamba wa injiniyi tisamamuchedwetse kupitirira makilomita 90,000 kapena zaka zinayi mpaka zisanu, chifukwa amakoka katundu wolemera kuposa wa injini ya petulo. Posintha, sinthaninso tensioner yokunga lambayo, kagudumu kothandizira ndi pampu ya madzi.

Koma dizilo ameneyu si wa aliyense. Ngati maulendo anu ambiri ndi a makilomita asanu kapena khumi, injini siifika potentha bwino, valve ya EGR, yobweza utsi wina mu injini, ndi njira ya mpweya zimadzaza phala lakuda, turbo imamatika, ndipo zimene mumapulumutsa pa mafuta zimathera kwa makaniko. Munthu wotero ayang'ane ya petulo.

Madizilo enawo tiwadutse mwachangu chifukwa malangizo ake ndi afupi. Ya 2.5 V6 TDI imakopa: imalira mosalala, ili ndi mphamvu ya 150, 163 kapena 180 PS. Koma ili ndi ma camshaft anayi, ndipo pa ya 150 PS, ya kodi AKN, mano ake ndi timikono tokankha ma valve zimadyeka mpaka kakono n'kugwa pamalo pake. Injini zimene zinabwera pambuyo pake, BDG, BDH ndi BAU, anazikonza poika timikono tokhala ndi tigudumu, koma ma camshaft ake ndi amphako ndipo ena amasweka. Onjezerani pampu ya dizilo ya Bosch VP44, imene kakompyuta kake kali pamwamba pa pampu pomwepo ndipo kakapsa galimoto imangozima, ndiponso malamba awiri ofunika zida zapadera powatchera. Mphamvu imene imaposera 1.9 ndi yochepa poyerekeza ndi mavuto amenewa. Ya 2.0 TDI ya 136 PS, imene inabwera kumapeto m'maiko ena, ili ndi vuto loopsa kwambiri: pampu ya oyilo imazunguzidwa kudzera pa ma balance shaft, ndodo zochepetsa kunjenjemera kwa injini, ndi kachitsulo kakang'ono ka makona sikisi. Makonawo akadyeka kapena tcheni chake chikatha, oyilo amasiya kuyenda nthawi yomweyo, turbo n'kuyamba kufa, injini n'kutsatira. Pokhapokha pali umboni woti mbali imeneyo inasinthidwa, isiyeni.

Pa za petulo, imene ili ndi nkhani yaitali ndi 1.8T, ya ma valve 20, mphamvu 150 PS, kodi AWT. Ndi injini yokoma kuyendetsa. Imakoka kuyambira pansi, 210 Nm, siichita phokoso, ndipo imamwa malita 8 mpaka 9 pa makilomita 100 mukamayenda mwaulemu. Mapisitoni ndi buloko yake n'zolimba. Chimene chimaipha ndi phala la oyilo. Poiika motalika mu Passat, sampu yake, mbale ya pansi yosungira oyilo, inachepa, moti imalowa malita osakwana anayi, pamene turbo ili pambali pomwepo kuwotcha oyilo wochepayo. Oyilo wamba akakhalitsa amapsa n'kusanduka timiyala takuda tonga khofi wogaya. Timiyalato timakatseka kasefa ka paipi yoyamwira oyilo mu sampu. Poyamba getsi lofiira la oyilo limangophethira injini ikatentha, kenako kumbuyo kwa mutu wa injini kumayamba kulira ngati tcheni chokhwepa, kenako turbo ndi ma bearing zimatha. Vutoli linakula mpaka mu 2004 kampani ya Volkswagen ku United States inawonjezera chitsimikizo cha injinizi pa nkhani ya phala kufika zaka zisanu ndi zitatu.

Izi sizikutanthauza kuti muithawe. Mufufuze. Tsegulani chotsekera pothira oyilo, muwalitse tochi mkati: chitsulo chamtundu wagolide kapena chofiirira pang'ono ndi chabwino, zokakamira zakuda zonga phula ndi chenjezo. Kuyang'ana kokha sikukwanira, choncho makaniko amange geji yoyezera mphamvu ya oyilo pamalo pa sensa, injini itenthe bwinobwino, aikweze kufika 2,000 rpm. Ikatsika pansi pa 2 bar, pali vuto. Mukaigula, ntchito yoyamba ikhale kutsitsa sampu, kuitsuka ndi kusintha paipi yoyamwira ija. Kuchokera pamenepo thirani oyilo wa synthetic wa VW 502.00, gwiritsani ntchito fyuluta yaikulu imene inalowa m'malo mwa yaing'ono yoyamba, ndipo musapitirire makilomita 8,000 mpaka 10,000 musanasinthe. Makoyilo a pamwamba pa mapulagi amafa kawirikawiri pa injini za 2001 mpaka 2003, koma kusintha kwake ndi kwa mphindi zochepa, ndipo kuyenda ndi imodzi ya sipeya m'galimoto n'kwanzeru. Timapaipi ta pulasitiki ndi ta labala totulutsa mpweya wa mu injini timauma n'kusweka, ndipo tikatero injini imalira mosakhazikika. Pampu ya madzi yoyambirira ili ndi chipiko cha pulasitiki chimene chimatha kusweka kapena kumasuka pa ndodo yake, galimoto n'kumatentha pa liwiro koma n'kumazizira ikaima.

Kwa munthu wofuna mtendere kuposa liwiro, pali 2.0 ya ma valve asanu ndi atatu, 115 PS, kodi AZM. Ilibe turbo, ndi yosavuta kuikonza, ndipo imapirira timaulendo tatifupi. Musaisokoneze ndi 2.0 ya 130 PS, kodi ALT, ya ma valve 20, imene imadziwika ndi kumwa oyilo. Ya 1.6 ya 102 PS ndi yolimba koma yaing'ono pa galimoto yolemera makilogalamu pafupifupi 1,400. Mumaiponda kwambiri moti pa mafuta simupindula kanthu, ndipo ngati munasankha station wagon kuti muzinyamula katundu, ikukhumudwitsani pa phiri loyamba.

Ya 2.8 V6 ya 193 PS timaikonda ngakhale ili ndi ludzu la malita 11 kapena kuposa. Siikhala ndi vuto la phala ngati 1.8T, koma ikakalamba imadontha oyilo pa zivundikiro za mitu yonse iwiri ndi pa ma seal a camshaft, oyiloyo n'kumagwera pa ekizosi, fungo la kupsa n'kumalowa m'galimoto. Ya 2.3 V5 imayendera tcheni chimene chili kumbuyo, mbali ya giyabokosi, ndiye chikayamba kulira ntchito yake ndi yochotsa giyabokosi. Nanga W8 ya malita anayi, 275 PS? Ndi ya munthu amene ali kale ndi galimoto ina yoyendera tsiku ndi tsiku. Zida zosinthira nthawi ya ma camshaft zimavuta, zipangizo zake n'zosowa, ndipo ntchito zambiri zimafuna kutsitsa injini yonse.

Giyabokosi imasinthanso chiweruzo. Otomatiki ya injini zake zambiri, Tiptronic ya magiya asanu yopangidwa ndi ZF, ankati oyilo wake ndi wosasintha, ndiye zambiri zayenda zaka makumi awiri ndi oyilo yemweyo. Poyesa galimoto, yendani pa liwiro la 60 mpaka 80 km pa ola mutaponda pang'ono osasuntha phazi, maso ali pa singano ya rpm. Ikamakwera ndi kutsika yokha, torque converter, chida cholumikiza injini ndi giyabokosi, yatopa. Pa 1.9 TDI otomatiki imadya mbali yaikulu ya phindu la mafuta, choncho ife timasankha ya manja.

Tsiku lokaona galimoto, pemphani kuti asailize inu musanafike, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Mavuto ambiri amene tatchulawa amamveka m'masekondi oyamba. Imani kumbuyo wina akuliza: utsi wa buluu ndi oyilo, woyera wosatha injini itatentha ndi madzi kapena injector, wakuda pa dizilo poponda ndi mpweya wothawa pa mapaipi a turbo. Madzi a mu thanki ya radiyeta akhale apinki, a mtundu wa G12, opanda mafuta oyandama. Pomaliza, kaya injini ndi iti, lowetsani dzanja pansi pa kapeti ya kutsogolo mbali ya kumanzere ndi kukanikiza. Mabowo otulutsa madzi a mvula amene ali pansi pa batire ndi pansi pa servo ya mabuleki amatsekeka ndi masamba, madzi amadzaza n'kulowera pa fyuluta ya mpweya wa m'kati, ndipo pansi pa kapetiyo ndi pamene pali kompyuta yoyendetsa mawindo, maloko ndi alamu. Mukapeza chinyezi, yesani windo lililonse ndi loko aliyense musanayambe kukambirana za mtengo.